Apongozi andipatsa malo omangapo nyumba m'mbali mwa mtsinje, ndimange kapena ndikane?

Uthenga uwu wachokera ku Tsangano: "Moni alangizi. Ine ndine mkamwini, ndakhala kwa akazi anga zaka zisanu tsopano. Chaka chino kachewere wandiyanja ndipo ndasungako ndalama zoti ndimange nyumba ya njerwa zootcha ndi malata. Apongozi andipatsa malo kumunsi kwa phiri pafupi ndi kamtsinje, mwina mapazi 40 kuchoka pamadzi, ndi pathyathyathya bwinobwino komanso dimba lili pompo. Iwo akuti chibadwireni madzi sanafikepo pamenepo. Koma mayi a kunyumba akuopa chifukwa cha zija zinachitika ku Blantyre nthawi ya namondwe Freddy. Ine kukana malo ndikuopa, azati mkamwini wamwano. Kodi kuno kumapiri kulinso zoopsa za madzi ngati ku Mutarara? Ndipange bwanji?"

Achimwene, choyamba mtima m'malo. Njerwa simunaumbe, maziko simunakumbe, nde mwafunsa nthawi yake yeniyeni. Ine ambiri amandipeza khoma litagwa kale, funso lawo limakhala loti lona tiipeza kuti. Ndipo alamu angawo musawatenge ngati amantha chabe, mantha awowo ali ndi mutu wake.

Tiyambe ndi funso lanu lomalizalo, la Mutarara. Ayi, madzi a kwanu si ofanana ndi a ku Mutarara, koma musasangalale msanga chifukwa kusiyana kwake sikukomera inu mbali zonse. Ku Mutarara ndi ku Dôa madzi amabwera ndi Zambezi ndi Shire, mitsinje ikuluikulu, ndipo amakwera pang'onopang'ono. Mvula imatha kugwa kutali ku Zambia kapena kumtunda kwa Malawi, a ku Cahora Bassa nkutsegula zitseko za damu ku Songo, wailesi nkulengeza, anthu nkukhala ndi tsiku kapena masiku angapo osamutsa mbuzi ndi ana. Zinachitika mu 2001, 2007 ndi 2008, ndipo nchifukwa chake kumeneko kuli mabairo aja boma linasamutsirako anthu kumtunda. Madzi amenewo amawononga zambiri koma amapereka moni asanalowe. Kwanu kumapiri kamtsinje kamene masana ana amadumpha ndi phazi limodzi kamatha kudzadza mu ola limodzi lokha, nthawi zambiri usiku, nthawi zina pamudzi panu pasanagwe ndi dontho lomwe chifukwa mvula yagwera kuseri kwa phiri. Ndipo sabwera madzi okha, amabwera ndi matope, miyala, zitsa ndi mitengo yathunthu. Ndi uja makolo ankamuti Napolo, amene anasesa Zomba mu 1946, Phalombe mu 1991, nkubweranso ku Chilobwe ndi ku Mulanje mu Malichi 2023 nthawi ya Freddy yomwe alamu akukumbukayo. Kaya mumakhulupirira kuti ndi chinjoka chikusamuka kuphiri kupita kunyanja kaya ayi, ine sindilimbana nazo, chimene ndikudziwa nchakuti dothi la pamtsetse likamwa madzi masiku atatu anayi osalekeza limalemera nkuterereka pamwamba pa thanthwe, ndipo njira yake imakhala khwawa lomwelo lomwe kamtsinje kanu kamadutsa.

Musaiwalenso kuti ife a ku Tete tinazionera tokha pa Revubue. Madzi ambiri a m'mapiri a Angónia ndi Tsangano amathera mumtsinje umenewu. Kumayambiriro kwa Malichi 2019, namondwe Idai asanafike nkomwe ku Beira, Revubue anasefukira usiku nkulowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi. Mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe Ana, mtsinje womwewu unagwetsa mlatho wa pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize, ndipo ngakhale administradoro wa distrito ya Tete anafera m'madzi omwewo galimoto itakokoloka. Madzi amene anachita zimenezo anayambira kwanu konko achimwene, anadutsa m'timitsinje ngati kanuko asanakafike kumunsi.

Tsopano za mawu a apongozi. Sindikuti akunama ayi, mwina zoonadi chibadwire chawo sanaonepo madzi pamenepo. Koma funsani kuti phiri limene iwo ankaliona ali mnyamata ndi lomweli? Nthawi imeneyo kumtunda kunali masuku ndi misasa, udzu wofika m'chiuno, mvula ikagwa inkayamba yaima kaye nkumalowa pansi. Lero kumtunda kuli minda ya kachewere mpaka pamwamba penipeni, ena mizere yawo inaloza kumunsi, mitengo inapita ku makala ndi kuotchera njerwa zomwe tikumangirazi, moto wolusa chaka ndi chaka anyamata akusaka mbewa. Mvula yomweyo imene kale inkatsika masiku awiri pano ikutsika maola awiri. Komanso mchenga wokokoloka kuminda umadzadza mumtsinje, mtsinje nkukhala wosaya, nde madzi akabwera alibe pokwana. Kukumbukira kwa munthu mmodzi ndi zaka mwina 60, pamene chigumula chachikulu chimatha kudumpha m'badwo wonse osabwera. Paja amati madzi saiwala khwawa.

Nde m'malo mokangana ndi apongozi, kafunseni malowo okha, nthaka siinama. Ine ndikafika pamalo oti munthu akufuna kumangapo sindiyamba ndi kuyeza kuti ndi mamita angati kuchoka pamtsinje, ndimayamba ndi kutalika kwake, kuti malowo akwera bwanji pamwamba pa madzi. Mapazi 40 pamalo okwera mamita asanu kapena kuposa ndi nkhani ina, mapazi 40 pathyathyathya pamene mukaima mumtsinje malowo akukulekezani m'chiuno ndi nkhani inanso. Ndipotu uthyathyathya umene mwaukondawo ndi umene ukundidetsa nkhawa, chifukwa kumapiri malo athyathyathya a m'mbali mwa mtsinje nthawi zambiri anawasalaza ndi mtsinje womwewo, unkasefukira nkumasiya dothi. Nchifukwa chake dimba limachita bwino pamenepo.

Tengani khasu mukumbe dzenje lofika m'chiuno pamene mukufuna kuika nyumbapo muyang'ane m'mbali mwake. Mukaona dothi lakuda kenako kamzere ka mchenga woyera kenako lakuda kenako timiyala tosalala tozungulira ngati ta mumtsinje, dziwani kuti mzere uliwonse ndi chigumula chimodzi chimene chinadutsapo, kaya agogo anachiona kaya sanachione. Yang'ananinso ngati pali miyala ikuluikulu yosalala yongokhala payokhapayokha m'munda, ina yaikulu ngati nkhokwe, makamaka pamene khwawa likutulukira m'phiri nkuyamba kutambasuka. Miyala imeneyo sinamere pamenepo ndipo palibe anaisenza pamutu. Ngati ilipo, kwa ine nkhani yatha, pamenepo sindingagonekepo mwana wanga olo nyumba ikhale ya simenti yokhayokha. Yang'anani m'nthambi za mikuyu ndi mitengo ina ya m'mphepete ngati muli zinyalala, mapesi kapena mapepala a pulasitiki okodwa m'mwamba, pamene zafikapo ndi pamene madzi anafika posachedwapa. Ngati pamera bango kapena nsenjere zokha, kapena dothi ndi la makande lija long'ambika chilimwe, pansi pamakhala madzi ndipo khoma lidzang'aluka olo chigumula chisabwere. Dzenje lijanso musalikwirire msanga, mulisiye mpaka Febuluwale muone ngati mukhale madzi. Ndikudziwa ndalama ya kachewere imayabwa m'thumba, koma kudikira dzinja limodzi nkotchipa kuposa kumanga kawiri. Ndipo mukafunse agogo aakazi okalamba kwambiri m'mudzimo, osati kuti kodi madzi amafika apa, chifukwa adzakuyankhani zokusangalatsani, koma kuti chaka chimene madzi anachuluka kwambiri anafika pati, ndiponso chifukwa chiyani makolo anaika mudzi ndi manda kumtunda osati kuno. Funso lachiwirilo limatulutsa zambiri.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa. Sabata ya Ana ija ndinali kumudzi wina kuno kumtunda, mvula itasiya tinayenda ndi a komite yoona za ngozi kuona zimene zaonongeka. Panali nyumba ya mnyamata wina amene anali atangomanga ndi ndalama ya fodya, njerwa zootcha, malata atsopano akuwala, khonde lopaka utoto wobiriwira. Madzi sanaikokolole ayi, anangoima mozungulira usiku umodzi kulekeza m'mawondo. Koma njerwa zake anamangira matope kuyambira pansi penipeni, nde matope aja anasungunuka ngati shuga mu tiyi, khoma lakumbuyo linangokhala pansi lonse, denga nkugwada. Mkati matumba a chimanga anali pansi, pa simenti, atayamba kale kumera, mizu yoyera ikutuluka m'masaka, fungo ngati la chimera. Mayi wa pakhomopo anali atayanika makadi a sikelo a ana ndi ma bilyete pamwala, inki itayenderera. Chapamtunda pang'ono, mwina kuponya mwala kawiri, kanyumba ka agogo ake ka zidina ndi udzu kanali chiimire, nkhuku zikutola pabwalo. Kusiyana kwake sikunali ndalama, agogowo anamanga pachitunda.

Tsono tiyerekeze kuti mwakumba, mwayang'ana, ndipo malowo sakuoneka oopsa kwambiri, kapena mwapeza pena pokwererapo. Mamangidwe ake akhale otere. Simenti yanu yochepayo musaithere pa pulasitala wakutsogolo kuti odutsa aziona, iikeni pansi. Maziko ndi mizere yoyambirira ya njerwa, mpaka kufika m'bondo kapena kuposa, mumangire simenti, muyale pepala la pulasitiki lakuda lija kuti chinyontho chisakwere, ndipo pansi pa nyumba pakwere ndithu kuti munthu azichita kukwera masitepe awiri atatu polowa. Kumwamba mukhoza kupitiriza ndi matope ngati thumba lafooka, bola khonde lizungulire nyumba yonse kuti madzi a padenga asamakumbe m'tsinde mwa khoma. Kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi ndipo mudzale vetiva m'mbali mwake, mizu yake imapita pansi kwambiri ndipo imagwira dothi ngati ukonde. Musadule phiri nkumanga nyumba itatsamira chigwembe chimene mwadulacho, ambiri amene amafa ndi dothi usiku amakhala kuti chipinda chogona chinali mbali imeneyo.

Denga nalo ndi nkhani, chifukwa kunena zoona kuno kumapiri nyumba zambiri zimene ndalembapo m'kaundula sizinagwe ndi madzi koma mphepo, makamaka ija imabwera ndi mvula yoyamba mu Novembala ndi Disembala. Tchalitchi, masukulu, nyumba za aphunzitsi, malata kukapezeka m'munda mwa eni. Vuto nthawi zonse ndi limodzi, mitengo ya denga inangosanjikidwa pakhoma nkuikapo njerwa ziwiri pamwamba. Uzani mmisiri wanu kuti waya wokhuthala ayambire mizere inayi kapena isanu pansi pa mutu wa khoma, kapena mu ring'i bimu, lamba wa simenti wozungulira pamwamba pa khoma uja, ngati mwakwanitsa kuthira, atuluke nkumanga phaso lililonse. Misomali ikhale ija yopota ya zipewa, yokhomera pamsana pa lata, ndipo m'mphepete ndi m'makona aikhome pafupipafupi chifukwa mphepo imayambira pamenepo kusenda. Denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, limadya malata ambiri pang'ono ndipo amisiri ena amalizemba chifukwa nlovuta kudula, koma limbikirani. Zoika miyala ndi matayala padenga zija ndi zongodzitonthoza, mphepo ikakula miyala yomweyo ndi imene imavulaza anthu.

Mwatchula madzi okha koma poti tayamba, ziphaliwali musaziiwale, kuno zimapha anthu ndi ng'ombe chaka chilichonse ndipo timangothamangira kunena kuti zotumiza. Mukaona kung'anima muwerenge mpaka bingu limveke, masekondi atatu aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi, ndipo ngati simunafike 30 ndiye kuti chili pafupi moti chingakupezeni. Tulukani m'munda, tsitsani khasu paphewa, musabisale pansi pa mtengo woima wokha, ana oweta atsike pachulu ndi pamwamba pa phiri. Malaya ofiira alibe mlandu, foni ya m'manja payokha ilibenso mlandu pokhapokha ili pa chaja ya magetsi. Ndipo munthu amene wamenyedwa ndi chiphaliwali alibe magetsi m'thupi, mugwireni, muthandizeni kupuma, muthamange naye kuchipatala, ambiri amatisiya chifukwa anthu anaima patali kuopa kumukhudza.

Chilala ndingochidutsa mwachangu poti kwanu si ku Changara kapena ku Mágoè kumene mvula ndi ya mwayi. Komabe 2016 ndi 2024, zaka za El Niño zija, ng'amba inafika ngakhale kumapiri kuno chimanga chikumasula. Dimba la apongozi lija ndiye chuma chake chili pamenepa. Malo amenewo ndi abwino kwambiri, koma abwino kulimapo, ndipo mfundo imeneyi muisunge chifukwa tiigwiritsa ntchito kumapetoku.

Olo mutamanga pabwino, banja lizidziwa chochita usiku wa tsokalo. Mvula ikagwa masiku awiri atatu osakata, wina azigona khutu lili kunja. Zizindikiro zake ndi izi, madzi a mumtsinje kusanduka phala lofiira mwadzidzidzi, kumveka mkokomo ngati lole ikubwera kuchokera kuphiri, ming'alu yatsopano pamtsetse, mitengo kupendekeka, kasupe kutumphuka pamene panalibe. Choopsa kwambiri chimene ambiri sachidziwa ndi mtsinje kuphwera mwadzidzidzi mvula ikugwabe, anthu amasangalala kuti madzi achepa pamene kumtunda dothi latseka khwawa ndipo likaphulika zonse zibwera kamodzi. Mukaona zimenezo musatsatire mtsinje kuthawira kumunsi, simungaupose liwiro, thawirani chammbali kukwera mtunda. Mugwirizaniretu masana kuti tikathawa tikakumana pati, kaya kusukulu kaya kutchalitchi, ndani anyamula mwana uti, ndani akadzutsa agogo. Ma bilyete, ma sedula a ana, makadi a kuchipatala, mankhwala a amene amamwa tsiku ndi tsiku ndi mapepala a malo zikhale mu jumbo imodzi yomanga bwino pamwamba, tochi pafupi. Ndalama ina izikhala mu M-Pesa kapena e-Mola osati yonse pansi pa matiresi. Chimanga chikhale pathandala osati pansi, ndipo mbewu yodzala musunge pena kwa achibale akumtunda. Mbuzi usiku wotero musazimangirire, zomangidwa ndi zimene zimafa.

Za kuoloka ndinene mokalipa pang'ono. Madzi othamanga ofika m'katumba amagwetsa munthu wamkulu, ofika m'bondo amanyamula njinga yamoto ndi mwini wake yemwe, ndipo pansi simukuona kuti mlatho ulipo kapena wadyeka. Kachewere akhoza kudikira, msika wa ku Lizulu udzakhalaponso sabata yamawa. Ana auzeni kuti mtsinje ukadzadza agone tsidya lomwelo kwa achibale, simudzawakalipira.

Madzi akaphwera mavuto amakhala asanathe, zimbudzi zimakhala zasefukira m'zitsime nde kolera amayambira pamenepo, mwaona mmene anavutira mbali zonse ziwiri za malire mu 2023. Chimbudzi chanu chikhale kumunsi kwa chitsime ndipo chitalikire mamita 30 kapena kuposa. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira Certeza. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwamadzi ngati otsukira mpunga, muyambe kumumwetsa pompo madzi a mchere ndi shuga, lita imodzi ya madzi abwino, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere, akumwa akupita kuchipatala, osadikira kuti kuche. Malungo nawo amakwera pakatha masabata angapo chifukwa cha zithaphwi, neti isakhale yotchingira nkhuku kudimba.

Nanga thandizo mungalipeze kuti? Yambani ndi komite ya m'mudzi yoona za ngozi, aja amaphunzitsidwa ndi INGD, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene kale tinkaiti INGC isanasinthe dzina mu 2020. Ngati kwanu ilipo, anthu ake amakhala ndi mapu ojambula pamanja osonyeza malo oopsa ndi kothawira, ngati kulibe funsani a nyakwawa kapena a shefu a lokalidade kuti bwanji. Ku distrito kuli a SDPI oona zomangamanga, mukhoza kupempha tekiniko kuti adzaone malowo musanakumbe, ndipo ngati mwaona ming'alu paphiri kapena miyala ija ndanena, musamange mpaka wina wodziwa atafika. Za mizere ndi vetiva kumtunda alangizi a zaulimi a ku SDAE ndi ntchito yawo, koma imeneyo ndi nkhani ya mudzi wonse chifukwa madzi amene adzakupezeni akuchokera m'minda ya ena. Machenjezo a INAM, oona za nyengo aja, muzimvera pa Rádio Moçambique ya ku Tete kapena wailesi ya m'dera, ndipo poti kwanu mawailesi a ku Malawi amamveka bwino muzimveranso zimene akunena za Ntcheu ndi Dedza, mtambo sudinditsa pasipoti pa Biriwiri. Mitundu ya chenjezo la namondwe muidziwe, ya buluu ndiye kuti atha kufika pakati pa maola 24 ndi 48, yachikasu m'maola 24, yofiira m'maola 6 kapena wafika kale. Palinso Linha Verde 1458, nambala yaulere yofunsira kapena kudandaula za thandizo pa nthawi ya ngozi, kuphatikizapo ngati wina akufuna ndalama kapena zina kuti akulembeni m'kaundula, thandizo limenelo siligulitsidwa.

Tsopano ku nkhani imene ikukusowetsani tulo kwenikweni, ya ukamwini. Ine sindingakulangizeni kuti mukaime pamaso pa apongozi nkunena kuti malo anuwa ndawakana, mudzakhala mwapambana mtsutso koma nsima ya pakhomopo idzakuwawani zaka zambiri. Mudziwo ndi wa alamu anga, ndipo amene ali ndi mawu pa malo a mbumba ndi malume awo, nde nkhaniyi iyambire kwa iwo. Alamu akalankhule ndi amayi awo kukhitchini, inu mudzere kwa ankhoswe. Ndipo musakapemphe ngati mukubweza mphatso. Mukathokoze kuti malo mwatipatsawa ndi a chonde moti kuikapo nyumba nkuwononga, tikufuna tikulitse dimba pamenepa tidzalepo kabichi, tomato ndi chimanga chachiwisi kuti chaka cha ng'amba banja lonse lizidya, nde tikupempha kachigawo kena chapamtunda olo kakhale ka miyala, bola isakhale yosalala yobwera ndi madzi ija, kuti tiikepo nyumba. Malo a miyala apamtunda palibe amawaumira, nthawi zambiri amapereka mosavuta. Dzenje lija mukakumba muwaitane apongozi aamuna adzaone okha mizere ya mchenga, inu osanena zambiri, akuluakulu sakonda kuuzidwa koma akaona ndi maso awo mawa lake amadzakuuzani ngati nzeru yawo, inu muzingovomera kuti zoona bambo.

Njerwa umbani ndithu chilimwe chino, muotche, muziunjike pamtunda muzifunditse. Mukakumba dzenjelo mujambule m'mbali mwake ndi foni dzuwa lili pamutu kuti mizere ioneke, mujambulenso miyala ili m'mundamo wina ataima pambali pake kuti ndione kukula kwake, ndi chithunzi china mutaima pamalopo kuyang'ana kuphiri kumene khwawa likuchokera, munditumizire ndidzakuuzeni mmene ndikuonera.